Manda a Silagi a Laxon Kamtedza

A Laxon Joze Kamtedza, a zaka 73, okhala m'nyumba yachisanu ndi chimodzi pa komboni ya pulazi ya Dombotsvuku, pakati pa Banket ndi Raffingora, amadziwika kwa anansi awo onse ndi dzina lakuti Injiniya. Dzinali silinachokere kusukulu iliyonse, pakuti mwini wake analekezera Sitandade 4. Ena amalitchula mwaulemu, ena mwachipongwe, ndipo ambiri amaphatikiza ziwirizi pakamwa pamodzi. Anthu akasonkhana kukambirana za maliro kapena za mjigo wowonongeka, a Kamtedza amapatsidwa mpando wotsamira. Akangoyamba kulankhula, theka la msonkhano limakumbukira kuti linasiya mbuzi zosamanga.

Anabadwira pa pulazi pomwepo, kwa bambo ochokera ku Ntcheu amene anabwera kudzathyola fodya kwa zaka ziwiri n'kukhalitsa zaka makumi anayi. Mu 1976 a Kamtedza anasiya khasu, nakalowa ntchito pa ng'anjo yosungunulira mkuwa kuseri kwa Chinhoyi. Kumeneko anakhala zaka makumi awiri ndi zitatu akugwira ntchito imodzi yokha, yotsegula khomo la silagi. Miyala ya mkuwa ikasungunuka, mkuwa umamira chifukwa ngolemera, ndipo zotsala zimayandama pamwamba ngati thovu la mowa. Zotsalazo ndiye silagi. Akazitsanulira m'madzi zimasweka, n'kusanduka timiyala takuda, takuthwa, tonyezimira ngati mabotolo operedwa. A Kamtedza anaphunzira kudziwa kupsa kwa silagi poyang'ana mtundu wake wokha, ndipo ng'anjo inawalipira powagonthetsa khutu lamanzere lonse ndi theka la lamanja.

Ng'anjo itazima mu 1999, anabwerera ku Dombotsvuku ndi akazi awo, a Ana Nankhoma, ndi mwana wawo wamkazi Janet. Kuseri kwa mabalani a fodya anapezako mnzawo wakale. Mzungu mwini pulazi anali ataitanitsa malole makumi anayi a silagi kuti athire mumsewu wamatope. Anathira makumi atatu, otsalawo anaunjikidwa mulu wotalika ngati nyumba. Chaka chotsatira pulazi inagawidwa m'mapuloti. Eni atsopano anagawana minda, madamu, mabalani, mapaipi, ngakhale zitseko za nyumba ya mzungu. Zinthu ziwiri zokha sizinapeze mwini: mulu wa silagi ndi anthu a pa komboni.

Anthuwo anayamba kukhalira maricho, kutanthauza ganyu wa tsiku m'minda ya eni mapuloti atsopano. Mulu nawo unapeza ntchito m'manja mwa a Kamtedza. Anausakaniza ndi simenti, ndowa zitatu pa ndowa imodzi, n'kuwaka pansi pa nyumba pomwe mpaka lero sipanang'ambike. Anathira m'tinjira ta pa komboni, matope n'kutha, ngakhale kuti kuyenda osavala nsapato kunathanso. Analangiza amayi kuti azikwechera miphika, ndipo miphika inayera kwambiri kwa miyezi iwiri isanabooke. Mu 2004 anaganiza kuti poti mkuwa uli ndi mphamvu, zotsala zake zingapatse mphamvu masamba, choncho anathira mawilibala asanu m'dimba la akazi awo la repu ndi tomato. Kwa zaka zitatu m'dimbamo simunamere kanthu, ngakhale chisoso. A Ana sanakalipe. Anangoyamba kuwaitana amuna awo kuti Injiniya pamaso pa alendo, ndipo dzina linafala kuchokera pamenepo.

A Ana anamwalira mu Julaye 2016. Anagonekedwa ku manda a komboni, patsinde pa kaphiri, pamene anthu a pa pulazi akhala akugonekedwa kuyambira mu 1958, Akhristu kum'mawa kwa kanjira, Asilamu kumadzulo. Tsiku lomwelo a Kamtedza anapima mapazi asanu ndi awiri kumanzere kwa mtumbira wa akazi awo, nakwirira njerwa pa ngodya zinayi. Alibe mudzi wina. Ku Ntcheu sanapondeko, ndipo sadziwa ngakhale basi yomwe imafikako. Zimene amafuna pa moyo wotsalawu ndi ziwiri, ndipo amazinena kwa aliyense: kuti khasu lisadutse pa a Ana, ndi kuti iwo adzagone pakati pa njerwa zinayi zija.

Vuto linali lakuti pa mapu a boma mandawo palibe. Pali puloti 7, ya a Munyoro, bambo wogwira ntchito ku Harare amene amalima pa foni mkati mwa sabata, n'kubwera Loweruka atavala chipewa chachikulu kudzaona zimene foniyo yalima. Mu Epulo 2023 a Munyoro anaimitsa galimoto pa komboni, n'kulengeza kuti chaka chino awonjezera fodya mpaka patsinde pa kaphiri.

"Hekitala yonse ija ikungogona," anatero.

"Ndi amene ali m'menemo akungogonanso, bwana," anayankha a Kassimu Matola, mwini kagolosale ka pa komboni, amene bambo ndi mayi awo ali kumadzulo kwa kanjira. A Kassimu ndi mnzawo wa a Kamtedza kuyambira ubwana, ndipo sipadutsa tsiku osanyozana.

"Ine pa pepala langa sindikuona manda," anatero a Munyoro. "Inu achimwene, manda anu ali kwanu ku Malawi. Pano munabwera kudzagwira ntchito."

A Kamtedza anapempha kuti mawuwo awabwerezere ku khutu lamanja. Atawamva bwino, anavula chipewa, kuthokoza, n'kupita kunyumba.

Sabata zitatu zotsatira anayenda m'maofesi. Ofesi yoyamba inati manda osalembedwa pa mapu sangatetezedwe, ndipo kuti alembedwe pamafunika kalata ya mwini puloti. Yachiwiri inafuna zikalata za imfa za onse ogona m'menemo, kuyambira wa 1958. Yachitatu inawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwauza kuti adzabwere zisankho zikatha. Pobwerera anatsika kombi, minibasi ya kumeneko, pa mphambano, nadutsa pa dimba lakale la a Ana. Patatha zaka pafupifupi makumi awiri, udzu wa pamenepo unali udakali wapatalipatali ngati tsitsi la nkhalamba. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana.

Ntchito inayamba pa 8 Meyi. Kuchokera pa mulu kukafika kumanda ndi mamita 600, ndipo a Kamtedza anayenda ulendo umenewu ndi wilibala maulendo 412, kuwerenga kwake kunali kwa mfundo pa chingwe. Sabata yoyamba anthu anangoonerera. Yachiwiri amayi amene amuna awo ali kumandako anabwera ndi ndowa pamutu. A Kassimu anakana poyamba.

"Msilamu amafotseredwa ndi dothi la Mulungu, osati manyi a ng'anjo," anatero.

"Nanga thalakitala ndi ya Mulungu?"

"Iwe gonthi, unapha tomato wa malemu, tsopano ukufuna kupha akufa."

"Akufa safa kawiri, Kassimu. Koma amalimidwa."

Mawa lake a Kassimu anabwera ndi fosholo, n'kunena kuti akumbukira kuti bambo awo ankadana ndi udzu. Pofika kumapeto kwa Ogasiti malo onse anali atakutidwa ndi silagi wozama kuposa chikhatho. Mitanda yamatabwa chiswe chinali chitadya kalekale, ndipo poti a Kamtedza anadzaza ndi mipata ya pakati pa mitumbira, mlendo sakanaona manda. Akanaona bwalo lakuda lonyezimira, lotukuka apo ndi apo. M'mphepete monse anandandalika mabuma a silagi aakulu ngati mutu wa ng'ombe.

Thalakitala inabwera pakati pa Seputembala. Inalowa mapazi khumi, chimbale chimodzi cha pulawo n'kubenthuka, ndipo woyendetsa, amene kuyambira m'mawa ankafunafuna chifukwa choti asalime pa akufa, anazimitsa injini mosangalala. A Munyoro anakalembera kalata ofesi yoona za chilengedwe. M'kalatamo anadandaula kuti nkhalamba ina yawaipitsira munda ndi zinyalala za ku mgodi, napempha kuti ilamulidwe kuzichotsa zonse ndi manja ake. Anatsindika, nadula mzere kunsi kwake, kuti pamalopo ndi munda chabe, ndipo palibe manda kapena chilichonse cholepheretsa kulima.

Amene anatumidwa anali mayi Hope Chinembiri, wachitsikana, wa magambutsi atsopano ndi fomu ya masamba asanu ndi limodzi m'Chingerezi. Anafika Lachiwiri cha m'ma teni koloko, a Munyoro ali pambuyo pawo. Anatapa silagi m'timabotolo tinayi, najambula zithunzi, kenaka n'kufunsa kuti wodziwa mbiri ya malowa ndani. Onse analoza Injiniya. Mayiyo anayesa Chishona, chimene a Kamtedza amachidziwa bwino, koma mawu ake anali ofewa ndipo anaima ku khutu lamanzere. Apo a Kassimu, amene anaphunzira Chingerezi akuphikira mzungu, anadzipereka kutanthauzira. Mayi Chinembiri ankawerenga funso pa fomu, a Kassimu n'kulikuwira m'Chichewa m'khutu la mnzawo.

"Akuti kodi ano ndi malo otayirako?"

"Inde," anayankha a Kamtedza mwaulemu wonse. "Ndiwo malo athu otayirako. Ena tilibe."

"Akuti munayamba liti kutaya kuno?"

"Mu 1958. Ine ndinali mwana, koma ndinaona."

"Mwataya zochuluka bwanji?"

"Zana limodzi ndi makumi anayi ndi atatu, kuwerengera ndi makanda omwe."

A Kassimu anapereka nambala yokha. Mayi Chinembiri analemba 143 m'kabokosi ka matani.

"Akuti zochokera kuti?"

"Ambiri ndi a pa pulazi pano. Koma a ku mgodi aliponso, osachepera khumi ndi awiri. Amenewo ndi chifuwa."

M'Chichewa chimene makolo a pa komboni anabwera nacho, munthu akamwalira amakamutaya, ndipo mawuwa sanyoza. Ndi mawu amene adzukulu okumba manda amagwiritsa ntchito atavula zipewa. A Kamtedza anayankha funso lililonse moona, mtima uli m'malo kuti pamapeto pake boma lafunsa za akufa awo. Mayi Chinembiri nawo analemba moona zimene anamva. A Munyoro, amene akhala ndi antchito achichewa nthawi yokwanira kudziwa tanthauzo la mawuwo, anatsegula pakamwa kawiri. Koma kalata yawo, ya mzere kunsi, inali itapanidwa pamwamba penipeni pa fomuyo, ndipo anatseka pakamwa kawiri. Mpaka lero a Kassimu amakana kuti anachita dala, ndipo amakana akumwetulira.

Patapita sabata zisanu ndi imodzi kunabwera lole ndi mapolo achitsulo ndi waya waminga. Zimene maofesi atatu analephera kuchitira anthu 143, ofesi imodzi inachitira matani 143 m'masiku awiri. Malowo analembedwa pa mapu ngati dzala lakale la zotsala za mkuwa, lokhazikika kuyambira 1958. Mwini puloti anauzidwa kuti kulimapo sikungatheke, ndipo kuti udindo wosamala mpandawo ndi wake. Pachipata anakhomapo chikwangwani cha zilankhulo zitatu, pakuti wina ku ofesi anakumbukira kuti malamulo a dziko amawerengera ndi Chichewa chomwe. Kanali koyamba kuti anthu a pa komboni aone boma likuwalembera m'chilankhulo chawo, ndipo anabwera onse kudzawerenga. Mawu ake anali akuti: MALO OTAYIRAKO. KULIMA NDI KUKUMBA PANO N'KOLETSEDWA.

A Kamtedza anawerenga mzere woyamba, misozi n'kulengeza. Anawerenga mawu akuti kulima, nagwedeza mutu. Atafika pa mawu otsatira analeka kugwedeza. Anayang'ana kudzera mu waya kumene kuli njerwa zawo zinayi pansi pa silagi, nafunsa a Kassimu ngati kukumba kwa adzukulu kumawerengedwanso ngati kukumba.

"Umafuna mpanda, waupeza," anatero a Kassimu. "Unaiwala kuwauza mbali imene ukufuna kukhala."

Kwa miyezi itatu Injiniya anali munthu wamkulu pa Dombotsvuku. Amayi ankawatumizira mazira. Ngakhale a Munyoro, amene Loweruka lililonse tsopano amayendera mpanda ndi pulayala m'manja kukunga waya wa manda omwe iwo eni analumbira kuti kulibe, ankawapatsa moni wa "Sekuru", kutanthauza agogo m'Chishona. Koma mu Febuluwale kunamwalira gogo Nasibeko, amene amuna awo ndi ana awo atatu ali m'kati mwa wayamo. Adzukulu anafika pachipata ndi makasu, nawerenga chikwangwani, nawerenganso kalata yonena za chilango cha wophwanya lamulolo, n'kubwerera. Gogoyo anakatayidwa ku manda a khonsolo ku Banket, pakati pa anthu osawadziwa, pa mzere wokhala ndi manambala. Pobwerera kumaliro palibe amene anakhala pafupi ndi a Kamtedza pa lole. Mazira analeka kubwera.

Janet anabwera kuchokera ku Ruwa, kumene amasoka mayunifomu a sukulu, ali ndi nzeru yomwe ankaiona ngati yachidule.

"Baba, pitani mukawauze zoona. Mukanene kuti ndi manda."

"Ndikanena, achotsa waya."

"Eya, basi."

"Akachotsa waya andiuza ndichotse silagi. Ndikachotsa silagi, amayi ako adzuka m'kati mwa fodya."

"Ndiye mukufuna tidzakutengereni ku Banket? Kapena ku Ruwa, kuli manda abwino, a udzu wotchetcha."

"Amayi ako anandipirira zaka makumi anayi, dimba nditawaphera. Ndikawasiye okha chifukwa cha udzu wotchetcha?"

Mu Malichi mayi Chinembiri anabweranso kudzayendera mpanda, ndipo anaupeza uli bwino kwambiri. A Kamtedza anawadikira pachipata atavala jekete, ndipo ulendo uno anaima mowatembenuzira khutu lamanja, osafuna wotanthauzira. Anafunsa m'Chishona chomveka bwino ngati malo otayirako, poti ndi otayirako, angalandire zina zowonjezera.

Mayiyo anati n'zotheka, malinga zikhale za mtundu womwewo, zochokera ku ntchito ya mkuwa, ndipo mwini wake apemphe chilolezo pa fomu ina. Pokhapo ndi pamene dzenje limaloledwa, lofotsera zotayidwazo. Fomuyo anali nayo m'galimoto.

A Kamtedza anailemba tsiku lomwelo pakhonde, Janet akugwira cholembera monyinyirika. Pa mtundu wa zotayidwa analembetsa kuti zotsala za pa ng'anjo ya mkuwa, zogwiritsidwa ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu. Pa kulemera kwake anapita kukakwera sikelo ya chimanga ya a Kassimu, n'kubwera ndi makilogalamu 54. Pa funso lakuti zidzanyamulidwa bwanji, anati pa mapewa a anthu asanu ndi mmodzi. Pa tsiku lotaya, anauza Janet kuti asiye posalemba.

Mayi Chinembiri anawerenga fomuyo ataimirira pambali pa galimoto. Anafika pa makilogalamu, nayang'ana nkhalambayo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana bwalo lakuda lija, ndi kutukuka kwake apo ndi apo, m'mizere, kulikonse kotalika ngati munthu wogona. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa imene kuyendera mpanda kumafuna. Akanafunsa funso limodzi lokha, lipoti lawo la masamba asanu ndi limodzi, losainidwa ndi akuluakulu atatu, likanagwa, ndipo pamodzi nalo mpanda. Sanafunse. Anatulutsa chidindo m'chikwama, nadinda kuti fomu yalandiridwa, n'kunena kuti yankho limatuluka pakatha masiku makumi asanu ndi anayi ogwira ntchito, ngakhale kuti nthawi zina limachedwerapo.

Masiku amenewo anakwana mu Julaye chaka chatha. Yankho silinafike. A Kamtedza apitako ku ofesi kawiri, ndipo auzidwa kuti fomu yawo ili pa tebulo loyenera. Chifuwa chawo chakula, ndipo wilibala sakuyendetsanso, koma mmawa uliwonse amapita kukaima pa waya n'kuuza a Ana nkhani za pa komboni, mokweza, monga amalankhulira agonthi. Anansi agawanika pawiri. Ena amati Injiniya anapulumutsa akufa, ena amati anatsekera amoyo kunja, ndipo ambiri amanena zonse ziwiri malinga ndi amene wadwala kunyumba kwawo sabata imeneyo.

Mwezi wathawu, Lamlungu masana, a Kamtedza anaitanitsa adzukulu anayi a pa komboni pakhonde la golosale ya a Kassimu, nawagulira chakumwa chozizira aliyense. Anawaonetsa fomu yodindidwa ija, yomwe amaisunga m'pepala lapulasitiki, nawafotokozera pamene pali njerwa, kuwerenga kuchokera pa polo yachisanu ndi chitatu ya mpanda. Mkulu wa adzukulu anamvetsera zonse, kenaka n'kufunsa chimene aliyense ankaganiza: nanga tsiku likadzafika yankho lisanabwere, ndipo boma n'kudzamva kuti munthu waikidwa m'menemo popanda chilolezo, si lidzalamula kuti afukulidwe?

A Kamtedza anapempha kuti funsolo alibwereze ku khutu lamanja. Atalimva anapinda fomu yawo bwinobwino, n'kunena kuti:

"Ine ndiyesetsa kudikira yankho, chifukwa ndine munthu womvera malamulo. Koma likachedwa, inu mudzakumbe msanga, mudzanditaye, mudzabwezere silagi pamwamba n'kusalaza. Akadzabwera oti andifukule, musadzakangane nawo. Mudzangowatengera pachipata, awerenge okha chikwangwani chawo. Pano sakumba."